NTCHITO YA KOMISHONI YOKHA: KODI NDINU WANTCHITO KAPENA WABIZINESI?

Masiku ano sichachilendo kuona mnyamata kapena mtsikana atavala malaya olembedwa dzina la kampani, chikwama kumsana, akuyenda khomo ndi khomo. Wina akutsatsa magetsi a sola, wina penti, wina matanki a madzi kapena mbaula zamakono. Mukamufunsa kuti, "Kodi unayamba ntchito?" amayankha mokondwa kuti inde. Mukafunsanso kuti, "Nanga umalandira zingati pamwezi?" apa mpamene amayamba kukanda m'mutu. Malipiro a pamwezi alibe. Amalandira komishoni, ndiye kuti kagawo kakang'ono ka mtengo wa katundu amene wagulitsa. Akagulitsa adya, akapanda kugulitsa abwera chimanjamanja. Ndipo pa pepala limene anasaina pamakhala mawu akuti iye sanalembedwe ntchito ndi kampaniyo, koma ndi munthu wodzilemba yekha, wochita bizinesi yakeyake.

Ambiri mwa achinyamata amenewa ndi ana athu omwe, ndipo ena mwa iwo tinawaphunzitsa tokha kuwerenga ndi kulemba. Amene amagula katundu wawo ndifenso: makolo, achibale, anzawo a mumphakati. Choncho nkhaniyi ikutikhudza mbali zonse ziwiri. M'phunziro lino tifuna kumvetsa mmene ntchito yotereyi imayendera, amene amasenza katundu zinthu zikavuta, ndiponso zimene lamulo likunena pa mawu aja akuti "wodzilemba yekha." Tiyambira ku Britain, kumene ntchito yogulitsa zinthu zokonzera nyumba mwa komishoni yokha ndi yakale ndithu, ndipo inafika mpaka ku makhoti akuluakulu. Kenaka tibwerera kwathu kuno.

Ogulitsa mazenera a ku Britain

Ku Britain kumazizira kwambiri, ndipo m'nyengo yachisanu banja limawononga ndalama zambiri potenthetsa m'nyumba. N'chifukwa chake anthu amafuna mazenera a magalasi awiri, okhala ndi mpata wa mpweya pakati, kuti kutentha kusamathawire kunja. Kusintha mazenera a nyumba yonse kumadya mapaundi zikwizikwi. Makampani ochita malondawa amagulitsanso zitseko, madenga ndi tizipinda tagalasi towonjezera ku nyumba. Ambiri mwa anthu amene amawagulitsira katunduyu m'makomo sali pa malipiro a pamwezi.

Kampani imatuma anthu ogogoda m'makomo kapena oimba mafoni kuti apeze mabanja amene avomera kulandira wogulitsa. Dzina la banjalo ndi kumene likukhala zimaperekedwa kwa wogulitsayo. Iye amapita pa galimoto yake, ndi mafuta ogula yekha, kawirikawiri madzulo kapena Loweruka ndi Lamulungu, pamene eni nyumba ali pakhomo. Amafunitsitsa kupeza bambo ndi mayi onse awiri, kuti pasapezeke wonena kuti, "Ndiyambe ndawafunsa anzanga." Amatulutsa kazenera kachitsanzo, amayeza mazenera akale, ndipo akhoza kukhala pampando maola awiri kapena atatu. M'makampani ena mtengo woyamba umakhala wokwera dala. Eni nyumba akadandaula, iye amautsitsa. Akakanabe, amaimbira foni bwana wake iwo akumva, ngati akuwachonderera, ndipo mtengo umatsikanso, koma amati ndi "wa lero lokha." Si makampani onse amene amachita zimenezi, koma mchitidwewu ndi umene unaipitsa mbiri ya ogulitsa mazenera m'dziko limenelo.

Chimene eni nyumba saona ndi chakuti mtengo ukamatsika komishoni nayonso imatsika. Komishoniyo siperekedwa tsiku lomwelo. Imadikira kuti katswiri wa kampani abwere adzayeze bwino, mwinanso mpaka mazenera ataikidwa. Wogula akasintha maganizo, kapena ngongole imene amafuna kugulira ikakanidwa, komishoni imafera pomwepo, ndipo ngati inali itaperekedwa kale imadulidwa pa ndalama za mwezi wotsatira. Wogulitsa akayenda ulendo wautali n'kupeza pakhomo pali potseka, mafuta amenewo apita. Msonkho saduliridwa monga zimakhalira ndi olembedwa ntchito; amadziwerengera yekha ndi kuulipira yekha, ndipo ayenera kumasungiratu ndalama yake.

Kampani ikagwa, kusiyana kumaonekera poyera. Mu Okutobala 2023 kampani yaikulu ya mazenera yotchedwa Safestyle, ya mumzinda wa Bradford, inagwa chifukwa cha mavuto a zachuma, ndipo anthu mazanamazana anataya ntchito. Zikatere, amene analembedwa ntchito ndipo agwira zaka ziwiri kapena kuposerapo amalandira ndalama yochotsedwera ntchito kuchokera ku thumba la boma. Wodzilemba yekha amene komishoni yake inali isanalipidwe amaikidwa pamzere wa anthu amene kampaniyo ili nawo ngongole, ndipo malo ake ali chakumapeto kwa mzerewo.

Tsono n'chifukwa chiyani makampani amakonda dongosolo limeneli? Yankho ndi losavuta. Wogulitsa amene sanagulitse kanthu sawonongetsa kampani ndalama. Kampani ikhoza kutumiza anthu makumi awiri m'dera limene anthu asanu akanakwanira, ndipo amene alephera amachoka okha popanda wowathamangitsa. Mwezi wabwino, phindu amagawana. Mwezi woipa, njala imagwera wogulitsa yekha.

Mlandu wa bambo King

Bambo wina dzina lake Conley King anagulitsa mazenera a matabwa a kampani yotchedwa Sash Window Workshop kuyambira pa 1 Juni 1999 mpaka pa 6 Okutobala 2012. Pa zaka 13 zonsezi mgwirizano wake unkati iye ndi wodzilemba yekha, wolandira komishoni yokha. Akapita ku tchuthi sankalandira kanthu, choncho sankapuma masiku onse amene lamulo limapereka kwa munthu wapantchito. Tinene chilungamo: mu 2008 kampaniyo inamupatsa mwayi woti alembedwe ntchito monga anthu ena, koma iye anasankha kukhala mmene analili. Zimenezi zisatidabwitse. Wogulitsa waluso, m'zaka zabwino, amapeza zambiri pa komishoni kuposa zimene akanapeza pa malipiro a pamwezi.

Tsiku limene anakwanitsa zaka 65 kampani inamuimitsa ntchito, ndipo iye anakasuma ku bwalo loweruza milandu ya apantchito. Bwalo linapeza kuti kumuchotsa chifukwa cha msinkhu kunali kumusala. Linapezanso kuti, ngakhale pepala linkanena zina, bamboyu sanali kuchita bizinesi yakeyake. Anali kugwirira ntchito kampaniyo, ndipo anali woyenera kulandira tchuthi cholipidwa. Linalamula kuti alipidwe pa masiku amene anapuma osalandira kanthu, komanso pa masabata 24 ndi pang'ono a tchuthi chimene sanapite n'komwe.

Kampani inachita apilo pa mbali yomalizayi. Inati tchuthi chimene munthu sanapite m'chaka chake chimatha ndi chaka chomwecho. Nkhani inakwera mpaka ku khoti la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, ku Luxembourg, poti nthawi imeneyo Britain inali isanatuluke mumgwirizanowo. Pa 29 Novembala 2017 khotilo linagwirizana ndi bambo King. Linati munthu sangapume mokwanira pamene akuda nkhawa ngati adzalipidwa masiku amenewo. Linati ngati bwana sanapereke mwayi wa tchuthi cholipidwa, masikuwo amaunjikana chaka ndi chaka mpaka tsiku limene ntchito idzathe. Ndipo linati bwana sangadziteteze ponena kuti iye ankaganiza kuti munthuyo sali woyenera tchuthi, chifukwa ndi udindo wa bwana kufufuza zimene lamulo likumulamula. Britain inatuluka mumgwirizano uja mu 2020, koma mu 2022 khoti la apilo ku London linatsata maganizo omwewa pa mlandu wa munthu wina wokonza mipope ya madzi.

Taonaninso kalendala. Kuchokera tsiku lochotsedwa ntchito mpaka tsiku la chigamulo panapita zaka zisanu. Munthu amene anasuma ali ndi zaka 65 anamva yankho ali ndi zaka 70. Ndi angati mwa ife amene angapirire chotere?

Malamulo a ku Britain amagawa anthu ogwira ntchito m'magulu atatu. Pali wolembedwa ntchito weniweni, amene ali ndi ufulu wonse. Pali wabizinesi weniweni, amene ali ndi makasitomala ake, amaika mitengo yake, ndipo akhoza kutuma munthu wina m'malo mwake. Pakati pa awiriwa pali gulu limene bambo King anaikidwamo: munthu amene amagwira ntchitoyo ndi manja ake, m'bizinesi ya munthu wina. Wotereyu ali ndi ufulu wolandira malipiro osachepera mlingo umene boma linaika, ndiponso tchuthi cholipidwa cha masiku 28 pachaka ngati amagwira masiku asanu pasabata. Chofunika kwa ife ndi njira imene makhoti amadziwira gulu la munthu. Mu 2011, pa mlandu wa anthu otsuka magalimoto a kampani ya Autoclenz, khoti lalikulu la dzikolo linati woweruza asamangowerenga pepala, koma aone mmene ntchito ikuyendera tsiku ndi tsiku, chifukwa wofuna ntchito alibe mphamvu yokana mawu amene bwana walemba. Mu 2021 khoti lomwelo linagamula mofananamo pa mlandu wa madalaivala a Uber.

Mawu amodzi kwa makolo amene ana awo ali ku sukulu ku Britain. Chilolezo cha mwana wasukulu chimalola ntchito ya maola owerengeka, koma chimaletsa ntchito yodzilemba wekha. Mwana amene wavomera kugulitsa mazenera kapena china chilichonse pa mgwirizano wotere akuika chilolezo chake pachiswe, ngakhale atagwira maola ochepa.

Nanga kwathu kuno?

Ife sitifuna mazenera a magalasi awiri. Chimene nyumba zathu zambiri zikusowa ndi kuwala. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa mabanja 100 aliwonse ndi amene ankaunikira magetsi m'nyumba. N'chifukwa chake malonda a sola afika paliponse, ndipo afika pamsana pa maejenti olipidwa komishoni. Wogula amapereka ndalama yoyamba, kenaka amalipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo akasiya kulipira magetsi amatsekeka okha. M'makampani ena ejenti amalandira gawo la komishoni tsiku logulitsa, ndipo gawo lotsala limadalira kuti wogula apitirize kulipira. Motero ejenti si wogulitsa chabe. Ndiyenso wolondola ngongole, ndipo babu likasiya kuyaka usiku amene amaimbiridwa foni ndi iye.

Tiyeni tichite samu pang'ono, monga m'kalasi. Manambala awa ndi ongoyerekeza. Aliyense aikepo a kampani yake. Tiyerekeze kuti katundu ndi wa K300,000 ndipo komishoni ndi K5 pa K100 iliyonse. Ndiye kuti ejenti akagulitsa mmodzi apeza K15,000. Pa ndalama ya komishoni kampani imadula msonkho wopita ku MRA, K20 pa K100 iliyonse, choncho m'manja mwake mufika K12,000. Akagulitsa katundu munayi pamwezi, ndi K48,000. Koma wayenda masiku 24, ndipo tsiku lililonse kabaza ndi mayunitsi zamudyera K1,500, zonse pamodzi K36,000. Chotsala ndi K12,000, ndiye kuti K500 patsiku. Wogula mmodzi akabweza katundu ndipo komishoni yake ikadulidwa, mnyamata uja wagwira mwezi wathunthu kwaulere.

Mwezi wina akhoza kugulitsa katundu 12, n'kutsala ndi K108,000. Mwezi umenewu ndi umene amautchula olemba maejenti, ndipo sanama, umachitikadi. Koma umachitika anthu akangokolola ndi kugulitsa mbewu zawo. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene banja likusaka chimanga, ndani angagule nyale? Ndiponso miyezi yoyamba malonda amayenda chifukwa ogula ndi amalume, azakhali ndi anzathu a m'kwaya. Achibale akatha, mpamene ntchito yeniyeni imayamba. Amene akufuna kudziwa ngati ntchitoyi ingamudyetse aphatikize miyezi yonse 12, yabwino ndi yoipa, achotse zonse zimene wawononga, agawe ndi 12. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Komishoni imene idakali m'buku la kampani ndi fodya wapachala.

Sitikunena kuti ntchitoyi ndi yoipa. Siifuna satifiketi, ndipo mayi wapakhomo kapena mlimi akhoza kuigwira pa nthawi imene wapeza mpata. Alipo amene amanga nyumba za malata ndi ndalama za komishoni. Ngati munthu alidi womasuka, akudzisankhira yekha nthawi ndi dera, akugulitsa katundu wa makampani angapo, ndiye kuti ndi wabizinesi, ndipo dzina lija la wodzilemba yekha ndi loona. Vuto limabwera pamene kampani ikufuna zonse ziwiri: kulamula munthu ngati wantchito, koma kumulipira ngati munthu wongodutsa.

Lamulo lathu likuti chiyani?

Zigamulo za ku Britain sizilamula makhoti athu, ngakhale oweruza athu amaziwerenga ndi kuzilingalira. Koma sitisowa kubwereka, pakuti tili ndi lamulo lathulathu loona za ntchito, limene nyumba ya malamulo inakhazikitsa mu 2000. Pofotokoza kuti wantchito ndani, lamuloli silitchula okhawo amene ali ndi kalata yolembedwa ntchito. Limati mgwirizano ukhoza kukhala wolembedwa kapena wapakamwa. Limawonjezanso munthu aliyense amene amagwirira ntchito mnzake kuti alipidwe, pamene chuma chake chikudalira mnzakeyo ndipo akukakamizidwa kuchita zimene wauzidwa, mwakuti ubale wawo ukufanana kwambiri ndi wa bwana ndi wantchito kusiyana ndi wa anthu awiri ochita malonda.

Polemba mawu amenewa aphungu anatchulamo matenanti, ndipo ife amene tinakulira pafupi ndi minda ya fodya tikudziwa chifukwa chake. Tenanti ankauzidwanso kuti si wantchito, kuti akulima fodya wake. Koma munda unali wa bwana, mtengo ankaika bwana, ndipo fodya sakanamugulitsa kwina. Mvula ikavuta, ngongole inkatsala pamutu pa tenanti. Utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, koma nzeru yake yopatsa munthu wosauka chiopsezo chonse sinathe, imangosintha malaya.

Tsono ejenti adzifunse yekha. Kodi amene amaika mtengo wa katundu ndani? Kodi amaloledwa kugulitsa katundu wa kampani ina? Kodi pali woyang'anira amene amamuuza dera loti apite, chiwerengero choti agulitse pasabata, ndi misonkhano imene ayenera kupezekapo? Akadwala, angatume mng'ono wake popanda kupempha chilolezo? Akalephera kufika pa chiwerengero chija amalangidwa? Kodi ali ndi njira ina yopezera ndalama, kapena banja lake lonse likuyang'ana kampani imodzi yomweyi? Palibe funso limodzi limene limagamula nkhani palokha. Bwalo limayang'ana zonse pamodzi. Koma ngati mayankho ambiri akuloza kwa kampani, mawu a papepala aja sangathe okha kumulanda ufulu wake.

Ndipo ufuluwo si waung'ono. Wantchito ayenera kulandira malipiro osachepera mlingo umene boma limalengeza. Ali ndi tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pachaka ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, kapena masiku 15 ngati amagwira masiku asanu. Akatha chaka chimodzi pantchito n'kudwala, amalandira malipiro onse kwa masabata anayi ndi theka la malipiro kwa masabata ena asanu ndi atatu. Mayi woyembekezera ali ndi masabata asanu ndi atatu a tchuthi cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu. Pa penshoni bwana amaponya K10 pa K100 iliyonse ya malipiro ndipo wantchito amaponya K5. Wantchito akavulala ali pantchito, lamulo la chipukutamisozi limamuteteza. Taganizirani za ejenti amene wagwa pa njinga yamoto atanyamula mapanelo a kampani, n'kuthyoka mwendo. Ngati ndi wabizinesi, chipatala ndi chakudya cha ana zonse ndi zake.

Kwa inu ogula

Wogulitsa amene sanadye chiyambire m'mawa amalankhula mokoma kuposa wina aliyense. Tisamuweruze msanga, dongosolo limene ali nalo ndi limene limamukankha kuti alonjeze kuti kasola kakang'ono kayendetsa wailesi yakanema usiku wonse. Koma tisagulenso chifukwa chomumvera chisoni, kapena chifukwa ndi mwana wa a tcheya a mphakati. Banja likagula katundu amene silingathe kumaliza kulipira, magetsi adzatsekeka, ndalama zimene laponya kale zidzapita, komishoni ya mnyamata uja idzadulidwa, ndipo mabanja awiri amene ankapatsana moto adzasiya kulonjerana.

Funsani mtengo wonse mukadzamaliza kulipira, osati wa pasabata wokha. Funsani kuti katundu akawonongeka akonza ndani, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo zimenezo zikhale zolembedwa. Ndalama tumizani ku nambala ya kampani, osati ku foni ya ejenti, ndipo sungani mauthenga onse. Wina akakuuzani kuti mtengo ndi wa lero lokha, muuzeni kuti abwerenso mawa. Ku Britain lamulo limapatsa munthu wogula zinthu pakhomo pake masiku 14 oti asinthe maganizo, ngakhale kuti silikhudza katundu wopangidwa motsata muyezo wa nyumba yake, monga mazenera ambiri. Inunso funsani ngati mgwirizano wanu ukupatsani masiku obwezera katundu. Mukaona kuti mwanamizidwa, bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la CFTC, limalandira madandaulo a ogula.

Kwa inu ofuna kuyamba ntchitoyi

Musasaine pepala limene simunaliwerenge, ndipo ngati lili m'Chingerezi chovuta pitani nalo kwa aphunzitsi kapena munthu wina wodziwa. Pemphani kope lanu. Kampani imene ikukana kukupatsani kope, kapena imene ikufuna kuti muyambe mwalipira ndalama ya fomu kapena ya maphunziro, yakuuzani kale khalidwe lake. Onetsetsani kuti pepalalo likunena komishoni yanu m'manambala, tsiku lolipidwa, zifukwa zimene ingadulidwire, amene adzalipire katundu akabedwa kapena kusweka ali m'manja mwanu, ndiponso chimene chidzachitike ndi komishoni ya makasitomala anu inu mukadzasiya ntchito. Funso lomalizali ambiri amaiwala, ndipo ndalama zambiri zimatayikira pamenepo. Msonkho ukadulidwa, pemphani chikalata chake, chifukwa ndalamayo imawerengedwa pa msonkho wanu wa chaka chonse, ndipo popanda chikalata simungatsimikize kuti inafikadi ku MRA.

Gulani kope la masamu. Tsiku lililonse lembani kumene mwapita, maola amene mwagwira, zimene mwagulitsa, zimene mwawononga ndi zimene mwalandira. Mauthenga a pafoni ochokera kwa woyang'anira, makamaka okulamulani kopita ndi okuopsezani, musawafufute. Tsiku lina ndi amene adzasonyeze ngati munali wabizinesi kapena wantchito.

Pakabuka mkangano, yambirani ku ofesi ya boma yoona za ntchito ya m'boma lanu, imene ambiri timaitcha ku Leba. Mkulu wa ofesiyo amaitana mbali zonse ziwiri ndi kuyesa kuziyanjanitsa. Zikakanika, nkhani imapita ku bwalo loweruza milandu ya apantchito, la Industrial Relations Court, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ngati dandaulo lanu ndi lakuti mwachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, lamulo limakupatsani miyezi itatu yokha kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukafike nalo ku Leba.